SUKULU YA PA PARISHI NJA YANI?

Akristu anzanga, mukalawirira tsiku la sukulu ndi kukaima pa mseu wa ku Limbe, ku Soche kapena ku Ndirande, mudzaona chinthu chimene maso athu adachizolowera, kotero kuti sitichiyang'anitsanso. Ana ali kutsika m'mapiri ndi m'tinjira ta pakati pa nyumba, ena m'magulu, ena yekha-yekha. Dzanja ili lagwira kapu ya phala, linalo lagwira kope lokulunga m'pepala la pulasitiki kuopa mvula. Wina wasenza tsache, wina kankhuni. Mwezi wa June, pamene nkhungu ya chiperoni yaphimba phiri la Soche, muwaona ali kunjenjemera, manja ali m'khwapa, koma ali kupitabe. Belu likalira aima m'mizere, apemphera, nalowa m'kalasi.

Tsono imani pa chipata cha sukulu ya pa parishi yanu, mufunse anthu atatu kuti: "Kodi sukulu iyi nja yani?" Woyamba adzati nja boma, pakuti ndilo lilipira aphunzitsi. Wachiwiri adzati nja Abambo, pakuti idamangidwa pa malo a mishoni. Wachitatu adzati nja ahedi, pakuti ndiwo asunga makiyi. Onse atatu anenako zoona, koma palibe mmodzi amene wati, "Nja ife." Apa ndi pamene pagona phunziro lathu la lero. Munda umene aliyense auyesa wa mnzake umera tchire, ngakhale mbewu zake zikhale zabwino chotani. Ndipo mbewu za m'munda uwu ndi ana athu.

M'MENE SUKULU YA MISHONI IDAYAMBIRA

Ansembe atatu oyamba a chipani cha Montfort, Bambo Pierre Bourget, Bambo Auguste Prézeau ndi Bambo Antoine Winnen, adafika m'dziko muno chaka cha 1901, nakakhazikika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, kwa mfumu Njobvuyalema. Mu Blantyre adapezamo kale amishoni a ku Scotland, amene adafika chaka cha 1876, ndipo masukulu awo adali atazika mizu. Ansembe athu sadachedwe kuzindikira kuti munthu wodziwa kuwerenga asunga chiphunzitso ngakhale wansembe ali kutali. Choncho patangopita miyezi yowerengeka adatsegula sukulu ku Nzamako. Chaka cha 1903 adayamba mishoni ya Nguludi, ku Chiradzulu, kufupi ndi Limbe. Chaka cha 1904 kudafika Asisteri a Daughters of Wisdom kudzasamala odwala ndi kuphunzitsa atsikana. Chaka cha 1925 Ambuye Louis Auneau adayambitsa chipani cha Asisteri a kuno kwathu, cha Servants of the Blessed Virgin Mary, chimene chalera ana osawerengeka m'masukulu a dera lino.

Ntchito imeneyi sadaiphunzire m'njira. Louis-Marie de Montfort Woyera, mwini chipanicho, adatsegula masukulu aulere a ana osauka mu mzinda wa La Rochelle, ku France, chaka cha 1715, naitana Marie-Louise Trichet, Sisteri woyamba wa Daughters of Wisdom, kuti akaphunzitse atsikana. Tingati sukulu ya mwana wosauka idabwera m'katundu mmodzi ndi kalisi wa Misa.

Nanga sukulu ya masiku amenewo idali yotani? Kadali kanyumba ka dothi kofolera udzu. Amuna a m'mudzi ndiwo ankadula mitengo ndi nsungwi, amayi ankamweta udzu ndi kuzira pansi. Pakati pa mlungu kanyumbako kadali sukulu, Lamulungu kadali tchalitchi. Mphunzitsi ndi katekisti adali munthu mmodzi: m'mawa aphunzitsa a, e, i, o, u pa sileti, madzulo aphunzitsa akatekumeni, munthu akadwala mwakayakaya ndiye athamangira kukabatiza kapena kukaitana wansembe. Wansembe ankafika kamodzi-kamodzi, pansi kapena pa njinga. Denga likadontha, anthu sankalemba kalata kwa munthu. Ankakwera pamwamba nalifolera.

Boma lidalowapo mochedwa. Chaka cha 1907 lidayamba kupereka mapaundi 1,000 pa chaka, oti mishoni zonse za m'dziko zigawane. Ofesi yoyang'anira maphunziro idakhazikitsidwa chaka cha 1926. Chaka cha 1928 Papa Pius XI adatuma Ambuye Arthur Hinsley kudzayendera mishoni za m'maiko a mu Africa olamulidwa ndi Angerezi, ndipo malangizo awo adali olimba: ngati mphamvu sizikwanira kumanga zonse ziwiri, ayambe sukulu, tchalitchi lidikire. Mau amenewa sadapeputse tchalitchi ayi. Adasonyeza kuti tchalitchi la mawa liri kukhala pansi m'kalasi lero.

Pamene njanji ndi ntchito ya fodya zidakulitsa Limbe, anthu adayamba kuchoka kumidzi kudzafuna ntchito. Blantyre ndi Limbe zidaphatikizidwa kukhala tauni imodzi chaka cha 1956, ndipo chaka cha 1959 dera lino lidakwezedwa kukhala Arkidayosizi ya Blantyre, Ambuye Theunissen ali Arkiepiskopi woyamba. Akristu obwera m'tauni adabwera ndi chizolowezi chawo cha kumudzi: pamene pamangidwa tchalitchi, pambali pake pakhale sukulu.

MAINA A PA CHIPATA

Ana athu apita pansi pa maina awa tsiku ndi tsiku, koma ndi angati adziwa eni ake? Ku Limbe kuli sukulu ya St Kizito ndi ya St Maria Goretti. Ku Soche kuli masukulu a St Pius, ya anyamata ndi ya atsikana. Kufupi ndi pakati pa Blantyre kuli ya Catholic Institute, imene tonse tingoti CI, pa parishi ya Montfort Woyera.

Kizito adali wamng'ono mwa Amartiri onse a ku Uganda. Adali mnyamata wa zaka ngati 14, wotumikira kunyumba ya mfumu, pamene adatenthedwa ku Namugongo pa 3 June 1886. Papa Paul VI adamlemba m'gulu la oyera pamodzi ndi anzake chaka cha 1964. Maria Goretti adali mwana wa alimi osauka a ku Italy, wamasiye wa bambo, wolera abale ake pamene amake ali kumunda. Adafa pa 6 July 1902, asanakwanitse zaka 12, atakana kuchita zoipa ndi mnyamata amene adambaya, ndipo adamkhululukira asanatsirizike. Adalembedwa m'gulu la oyera chaka cha 1950. Dzina la Pius litikumbutsa Papa Pius X, amene chaka cha 1910 adalamula kuti mwana akafika msinkhu wa kuzindikira, zaka ngati 7, aloledwe kulandira Ukaristia.

Onani tsono: awiri mwa oyera awa adali a msinkhu wa Sitandade 6 kapena 8, ndipo wachitatu adatsegulira ana khomo la ku guwa. Amene adasankha mainawa adafuna kutiuza kuti mwana sali mkristu wa m'tsogolo chabe. Ali mkristu lero lomwe, wokhala ndi mzimu wake, nzeru zake ndi mayesero ake. Inu akatekisti, pa tsiku la nkhoswe ya sukulu musalole kuti chikondwerero chithere m'magule okha. Ana amve mbiri ya woyera wawo m'Chichewa chomveka.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Pa 8 March 1992 Aepiskopi athu adatulutsa kalata ya nyengo ya Lenti, imene idawerengedwa m'matchalitchi onse a m'dziko. Anthu aikumbuka chifukwa cha zimene idautsa pa ndale. Koma m'kalata yomweyo mudali madandaulo a za maphunziro: kuthinana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi mabuku, ndi kuchuluka kwa anthu osadziwa kuwerenga. Chaka cha 1994 boma lidachotsa fizi ya ku pulaimale. Ana olembedwa m'masukulu a dziko lonse, amene adali pafupi-fupi 1.9 miliyoni, adafika pafupi-fupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chimenechi chidali chinthu chabwino ndithu, ndipo mkristu asachidandaule: mwana wa mayi wogulitsa masamba mu msika wa Limbe adakhala pa mkeka umodzi ndi mwana wa kalaliki.

Komatu walira mvula walira matope. Zipinda sizidachuluke monga adachulukira ana. Boma lidalemba aphunzitsi zikwi zambiri asanapite ku sukulu ya uphunzitsi. Mzinda nawo udakulirakulira: pa kalembera wa 2018 mu Blantyre mudapezeka anthu oposa 800,000. Cholinga cha boma nchakuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi oyamba a m'tauni muno si chachilendo kupeza ana 100 kapena kuposa.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Phunziro likhale la mphindi 30, ana akhale 100. Mphunzitsi atati asaphunzitse kanthu, angomvetsera mwana aliyense akuwerenga, mwana mmodzi alandira masekondi 18 okha. Kodi m'masekondi 18 mphunzitsi angadziwe kuti uyu samva bwino khutu limodzi, uyu saona pa bolodi, uyu wagona ndi njala, uyu amake adamwalira mwezi watha? Iyayi, sangathe, ngakhale akhale woyera mtima ngati mngelo. Ndiye mwana akwera Sitandade 2, Sitandade 3, akungoyasamula pakamwa pamodzi ndi anzake, koma zilembo asakuzizindikira. Pofika Sitandade 5, pamene Chingerezi chachuluka, mwana uja atopa, achita manyazi, nayamba kujomba. Mawa mumpeza pa depoti ya minibasi. Sadathamangitsidwe ndi munthu. Adangosowa, ndipo palibe adafunsa.

Matope ena adagwera m'mitima yathu. Tsiku limene tidamva mau akuti "ulere," ambiri a ife tidamva ngati kuti atiuza kuti, "Tulani katundu, si wanunso." Makolo amene kale ankaumba njerwa adayamba kunena kuti boma liumbe. Msonkhano wa makolo ukaitanidwa, pa ana mazana-mazana pafika makolo odzaza mabenchi atatu. Mphamvu ya sukulu yakale ija sidali m'nyumba yake, pakuti idali yosauka kopambana ya lero. Idali pakuti idali yaing'ono, ndipo mwana aliyense ankadziwika dzina lake, kwawo ndi makolo ake. Ung'ono umenewo ndiwo tidataya. Sitingachepetse ana, ndipo tisafune kutero. Koma tingathe kubweza chija chidapangitsa sukulu yaing'ono kukhala yabwino, ndicho chakuti mwana aliyense akhale ndi munthu wamkulu womdziwa ndi womfunsa.

Amayi adziwa kuti mphika ukhala pa mafuwa atatu. Mukachotsa limodzi, ndiwo zitayikira pa moto. Mwana wa sukulu nayenso akhala pa mafuwa atatu: banja, mphunzitsi ndi mpingo.

FUWA LOYAMBA: BANJA

Pa 28 October 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatulutsa chiphunzitso chake cha maleredwe achikristu, ndipo udanenetsa kuti makolo, popeza ndiwo adapatsa ana moyo, ndiwonso aphunzitsi awo oyamba ndi aakulu, ndi kuti udindo umenewu ukasiyidwa nkovuta kuti wina aulowe m'malo. Inu makolo, tsiku la ubatizo wa mwana wanu wansembe adakufunsani ngati mwamvetsa udindo wa kumlera m'chikhulupiriro, ndipo mudavomera pamaso pa mpingo. Atate ndi amayi a ubatizo nawonso adavomera. Lonjezo limenelo silidathere pa phwando la tsikulo.

Wina adzati: "Ine sindidapite ku sukulu, ndingathandize bwanji?" Mungathe ndithu. Chichewa chilembedwa monga chinenedwa. Mwana akadziwa malembo asanu a liwu ndi maphatikizo ake, ba, be, bi, bo, bu, angathe kuwerenga liwu lirilonse. Madzulo alionse, nsima ili pa moto, muuzeni akuwerengereni mizere isanu mokweza. Khutu lanu lidzakuuzani ngati ali kuwerenga kapena ali kungoloweza. Mpatseni buku la mapemphero, kapena pepala la pa paketi ya shuga, awerenge chimene sadachione m'kalasi. Mwana wotsiriza Sitandade 2 akalephera zimenezi, musadikire mayeso a Sitandade 8. Pitani kwa mphunzitsi mlungu womwewo. Kuongola mtengo mpoyamba.

Musatume mwana kukagulitsa mandasi kapena madzi nthawi ya sukulu. Tidziwa kuti moyo wa m'tauni ngwowawa, lendi sadikira. Koma ndalama ya tsiku limenelo mwaikongola kwa mwanayo, ndipo adzailipira moyo wake wonse. Lamulo la maphunziro la 2013 lidati sukulu ya pulaimale nja mwana aliyense mokakamiza, ndipo kuyambira 2017 malamulo a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mtsikana asasandulike mlezi wa pakhomo pamene mlongo wake ali m'kalasi. Mulungu sadagawe nzeru poyang'ana diresi kapena kabudula. Ndipo inu abambo, sukulu si nkhani ya amayi okha. Kodi dzina la mphunzitsi wa mwana wanu mulidziwa?

FUWA LACHIWIRI: MPHUNZITSI

Inu aphunzitsi, tiyambe ndi kukuthokozani. Munthu amene sadaimepo pamaso pa ana 100 kuyambira m'mawa kufikira masana, choko chili m'manja, mau atasasa, asafulumire kukuweruzani. Malipiro anu achokera ku boma, koma ntchito yanu ndi yomwe ija ya aphunzitsi akale a mishoni, amene adanyamula Eklezia wa dziko lino pa mapewa awo.

Chikatolika cha sukulu sichikhala pa chikwangwani, kapena pa mtanda wopachika pa khoma pokha. Chioneka pa mphunzitsi wofika nthawi yake, wochonga makope moona, wosakondera mwana wa wolemera. Chioneka pa mphunzitsi amene satchula mwana kuti "mbuli," podziwa kuti liwu limenelo likhala mu mtima zaka makumi anayi. Chioneka pa mphunzitsi amene sabisa phunziro la m'mawa kuti akaligulitse madzulo. Ndipo mwana wamkazi akhale pa sukulu ya mpingo monga ali m'nyumba ya amake: wamkulu aliyense womuyang'ana ndi diso loipa aululidwe kwa ahedi, kwa Bambo Mfumu ndi kwa apolisi, osabisa pofuna kuteteza dzina la sukulu. Sukulu yotchedwa dzina la Maria Goretti kapena la Kizito singasunge chinsinsi chotere.

Masamu ophunzitsidwa bwino ndi ntchito ya Mulungu monga katekisimu wophunzitsidwa bwino. Choona nchimodzi, ndipo mwini wake ndi mmodzi. Tisaganize kuti pemphero la m'mawa likwirira ulesi wa masana.

FUWA LACHITATU: MPINGO

Apa ndi pamene pali ntchito yanu, inu akatekisti ndi atsogoleri a miphakati. Aepiskopi a maiko a kum'mawa kwa Africa, pa misonkhano yawo ya 1973 ndi 1976, adagwirizana kuti Eklezia amangidwe pa timagulu ting'ono-ting'ono ta akristu oyandikana nyumba. Kuno kwathu Ambuye Patrick Kalilombe a ku Lilongwe ndiwo adatsogolera maganizo amenewa. Taonani mphatso imene tili nayo m'manja: sukulu yakula, parishi yakula, koma mphakati ukali waung'ono. Mphunzitsi sangadziwe ana 100, koma mphakati wa mabanja makumi awiri kapena atatu ungadziwe ana ake onse. Mphakati ndiwo ungabweze ung'ono wa sukulu.

Tsono mphakati uliwonse ukhale ndi kope limodzi lolembamo ana onse a msinkhu wa sukulu a m'dera lake: dzina, kalasi, sukulu, ndi amene amsunga. Pa msonkhano woyamba wa mwezi, mutatha kumva Mau a Mulungu, tsegulani kopelo mufunse: Ndani wajomba? Ndani wasiya? Ndani alibe yunifolomu, kope kapena pensulo? Musatchule banja pagulu mochititsa manyazi. Tumani anthu awiri aulemu akacheze nalo pakhomo. Kawiri-kawiri mudzapeza kuti chaletsa mwana nchinthu chaching'ono, chimene mabanja makumi awiri angachithe posonkha pang'ono-pang'ono. Tisonkha msanga pa maliro, ndipo tichita bwino. Nanga tilekeranji kusonkhera wamoyo? Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

M'mphakati uliwonse muli mnyamata kapena mtsikana wotsiriza Fomu 4 amene ali kungokhala, muli mphunzitsi wopuma ntchito, muli agogo odziwa nthano. Loweruka masana, pansi pa mtengo wa mango kapena pakhonde pa mkristu mmodzi, asonkhanitse ana khumi a Sitandade 1 kufikira 3, awerenge nawo ola limodzi. Pa ana khumi, aliyense alandira mphindi 6 zakezake, osati masekondi 18.

Inu akatekisti, ana okonzekera Ukaristia woyamba ndi Ulimbitso apita m'manja mwanu chaka ndi chaka. Kuloweza mayankho nkwabwino, koma nthawi zina tsegulani buku, muloze mzere ndi chala, mwana awerenge yekha. Mudzadziwa msanga amene ali m'mavuto, mwina msanga kuposa makolo ake. Mkristu wosadziwa kuwerenga adzapulumuka ndithu, monga adapulumukira agogo athu ambiri. Koma m'tauni ya lero adzanamizidwa pa chikalata cha malo, pa mankhwala a kuchipatala, ndi pa Malembo Oyera omwe, ndi aliyense wobwera ndi chimkuza-mau.

Ndiponso pa sukulu pali komiti yoyendetsa sukulu, pali bungwe la makolo ndi aphunzitsi, pali gulu la amayi loyang'anira atsikana. Akristu okhulupirika alowemo, osati pofuna ulemu, koma kuti ndalama ya chitukuko ilembedwe ndi kuwerengedwa poyera, zimbudzi zikhale zokwanira ndi zaukhondo, madzi osamba m'manja apezeke. Tikumbuke kuti mu January 2023 masukulu a mu Blantyre ndi Lilongwe adachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Chimbudzi cha sukulu ndi nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo mkristu asachiyese chonyozeka.

UMBONI WAKUTI NZOTHEKA

Wina angati zonsezi ndi maloto, anthu a m'tauni sagwirizana. Koma kapu ija ya phala ikutsutsani. Bungwe la Mary's Meals lidabadwira m'dziko muno chaka cha 2002, pamene mkatolika wa ku Scotland, Magnus MacFarlane-Barrow, adaona njala ya chaka chimenecho. Lidayamba ndi ana 200 okha, ndipo Chilomoni ndi amodzi mwa malo amene miphika yoyamba idaterekedwa. Pambuyo pake ana olandira phalalo m'Malawi adapitirira miliyoni imodzi. Ufa ubwera ndi bungwe. Koma ndani adzuka kusanache, kutunga madzi, kusonkha moto ndi kutakasa mphika waukulu ngati mgolo? Ndi amayi a m'makwalala athu omwewa, mosalipidwa, mosinthana masiku. Ngati tatha kugwirizana pa mimba ya mwana, tilephera bwanji pa mutu ndi pa mtima wake?

Kumbukaninso March 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, matope ndi miyala nizikwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera ena, anthu ambiri nataya miyoyo. Opulumuka adathawira kuti? Adathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Usiku umenewo palibe adaima pa chipata kufunsa kuti sukulu iyi nja yani. Tonse tidadziwa kuti nja ife. Chimene tidachidziwa pa tsiku la tsoka, tichidziwenso pa tsiku la mtendere.

ANA A ZIPEMBEDZO ZINA

Pa mabenchi a sukulu ya parishi pakhala ana a CCAP, a Anglican, a Seventh Day, a Chisilamu ndi a mipingo ina yambiri. Amenewa si alendo ongololedwa. Ali ana a sukuluyo monga athu omwe. Ambuye Yezu, pamene ophunzira ake adafuna kuingitsa ana, adawadzudzula, nawafungatira anawo osafunsa za kwawo. Sukulu yathu isabise chikhulupiriro chake: ipemphere, ikondwerere nkhoswe yake, ikonzere ana achikatolika Misa. Koma isakakamize mwana wa mwini kusiya chipembedzo cha makolo ake, ndipo isamnyoze chifukwa cha icho. M'kope lija la mphakati, mwana wa mnansi wanu wachisilamu akasiya sukulu, nayenso alembedwe ndi kufunsidwa. Mwana amene adakondedwa pa sukulu ya Katolika sadzaiwala, ngakhale akalambe m'chipembedzo china. Ndipo mzinda wa anthu ophunzira pa benchi limodzi suyaka moto msanga.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Kodi m'mphakati wathu muli ana angati a msinkhu wa sukulu, ndipo ndi angati amene sapita? Ngati sitidziwa, ndani ayambe kulemba mlungu uno?

2. Kodi ndi liti pamene ine ndidamva mwana wanga, kapena mwana wanga wa ubatizo, akuwerenga mokweza?

3. Pa msonkhano wa makolo wapitawu, ndani mwa ife adapitako, ndipo adatiuza zotani?

4. Kodi ana athu adziwa mbiri ya woyera amene sukulu yawo itchedwa dzina lake?

5. Ndani pakati pathu angapereke ola limodzi Loweruka kuwerenga ndi ana, ndipo pakhomo pa yani?

Abale anga, musatseke msonkhano wanu musanayankhe funso loyamba ndi lachisanu ndi maina enieni a anthu. Agogo athu adamanga sukulu ndi nsungwi ndi udzu, alibe ndalama, ambiri a iwo osadziwa ngakhale kulemba dzina lawo, chifukwa adaiyesa yawo. Ife sitipemphedwa kudula mitengo. Tipemphedwa kudziwa dzina la mwana ndi kumfunsa kuti lero waphunzira chiyani. Maria Virigo Woyera, Mayi wa Nzeru, nkhoswe ya tchalitchi lathu lalikulu la ku Limbe, amene adalera Mwana Yezu m'nyumba yosauka ya ku Nazareti, atipempherere ife makolo, aphunzitsi ndi akatekisti, kuti pa ana amene Mulungu adatisungitsa pasasowe ndi mmodzi yemwe.